Kodi Anon ndi ndani?

Mayi wina, mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale, wandilembera imelo kuti: "M'buku lomwe ndimaphunzitsira, pansi pa ndakatulo zina palembedwa Anon. Ana akufunsa ngati limeneli ndi dzina la mlakatuli. Mawuwa amatanthauza chiyani, nanga anachokera kuti?"

Mayi, anawo afunsa zanzeru. Anon si munthu ayi, ndi chidule cha anonymous, mawu onena za ntchito yomwe mwini wake sanatchulidwe.

Gwero lake ndi Chigiriki chakale, anonymos. Kachigawo koyamba, an, n'kokana, monga ife timati "wopanda". Kachiwiri, onyma, ndi dzina; umu ndi momwe Agiriki a madera ena ankatchulira onoma. Mawuwa anadzera m'Chilatini n'kulowa m'Chingerezi cha m'ma 1600. Onyma yemweyo ali mu synonym, antonym ndi pseudonym. Alembereni onsewa pabolodi motsatizana, mudzaona kuti y wapakati uja, yemwe ana amamuphonya polemba, sawavutanso.

Koma chomwe ndikufuna anawo amvetse ndi ichi: mlembiyo dzina anali nalo. Nthawi zina linangoiwalika, monga za ndakatulo yaitali ya Beowulf, yomwe mpaka lero woipeka sadziwika. Miyambi yathu ilinso chimodzimodzi, alipo anayamba kuinena. Nthawi zina mwini wake ankabisa dala. Mu 1811 buku la Jane Austen la Sense and Sensibility linatuluka longolembedwa kuti "By a Lady", kutanthauza kuti walemba ndi mayi wina wake. Buku la Frankenstein linatuluka mu 1818 lopanda dzina la mlembi, anthu ena n'kumaganiza kuti analemba ndi mwamuna wa Mary Shelley, pomwe mlembi anali mayiyo. Zimandikhudza kuti akazi aluso chonchi ankayamba abisala kuti ntchito yawo ilandiridwe.

Musasokoneze ndi pseudonym. Apo dzina lilipo, kungoti ndi lopeka, monga Mary Ann Evans ankadzitcha George Eliot.

Chenjezo lina, poti ana anu amawerenga masewero a Shakespeare: akapeza munthu akuyankha kuti "anon", si chidule chija ayi. Amenewo ndi mawu ena, ochokera ku Chingerezi chakale, ndipo amatanthauza "posachedwa" kapena "ndikubwera pompano".