Bokosi la summing lidikire kaye, yambani ndi gain

Achimwene a ku Chibavi, mwafunsa ngati mugule bokosi la passive summing (lophatikizira mawu a njira zosiyanasiyana kunja kwa kompyuta) poti nyimbo zanu zikumamveka zopyapyala, zikumang'ambika mukaziika m'galimoto, ndipo mwati muli ndi Scarlett 2i2 (interface yolowetsera ndi kutulutsira mawu pa kompyuta) ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio. Ndalamayo isungeni kaye.

2i2 ili ndi ma output awiri okha. Bokosi limeneli limafuna kuti ng'oma zituluke pa 1 ndi 2, magitala pa 3 ndi 4, oimba pa 5 ndi 6, choncho choncho, kawirikawiri njira 8 kapena 16. Mukalowetsa ziwiri zokha ndiye kuti kompyuta yaphatikiza kale zonse, bokosilo lasowa ntchito.

Komanso m'kati mwake mulibe zodabwitsa. Ndi ma resistor basi, silifuna n'komwe magetsi. Mawu a njira zonse amakumana pa mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo pokumanapo mphamvu imatsika kwambiri, 30 mpaka 40 dB, moti amatuluka ofooka ngati a maikolofoni. Mumafunika ma preamp awiri ofanana oti awakweze. Kukoma konenepa kumene anthu amakutama kuja kumachokera mu preamp, makamaka yokhala ndi transformer. Ikakhala preamp yotchipa, mukaikweza 40 dB imakwezanso kaphokoso ka sssss, ndipo tsiku limene magetsi azima mwayatsa jenereta, kung'ung'udza kwa mmmm kumalowanso m'nyimbo ngati mawaya anu alibe earth yabwino.

Ine ndinapangapo langa la njira 8, mnzanga wokonza mawailesi kumsika ndiye anandiwotcherera. Ndinaliyesa pa kwaya ina ya ku Katawa, anthu 24, kiyibodi ndi bass. Mix inamasukadi, alto anayamba kumveka pansi pa soprano, ndinasangalala usiku wonse. Kutacha ndinazindikira kuti pofuna kuti ma output asafiire (chizindikiro choti mawu apyola mlingo) ndinali nditatsitsa njira iliyonse kwambiri. Ndinabweza zonse m'kompyuta osasuntha ma level aja, n'kuitana abambo otsogolera kwaya. Anamvera zonse ziwiri katatu atatsinzina, koma sanathe kuloza kuti ya bokosi ndi iti.

Ndiye vuto lanu ndikulionera pa gain, mlingo wa kukwera kwa mawu pa njira iliyonse. Mu digito denga ndi 0 dBFS, kupyola pamenepo potuluka mawu amadulidwa mutu, ndiko kung'ambika mukukumvako. Pojambula, woimba azisewera cha pa -18, akakuwa asapitirire -10. Pa 24 bit malo alipo ambiri, musaope kuti zikuoneka zazing'ono pa sikirini. Ma sample a kick ndi snare amene timakopera pa intaneti amabwera ali kale pafupi ndi 0, ndiye atsitseni pa channel pawo asanalowe mu plugin (kapulogalamu kokonzera mawu) iliyonse. Kutsitsa master fader kokha kumangobisa kufiira, pomwe compressor ndi saturation zapanikizika kale m'mbuyomo. Ma plugin ambiri otsanzira zida za analog anawatchera kuti -18 ikhale ngati 0 VU, mlingo umene zida za analog zimagwirira bwino ntchito, mukawapatsa -3 amakwinyika.

Chimene chimatipusitsa tonse ndi khutu: chokwera chimamveka chokoma. Mukaika EQ kapena compressor, izimitseni n'kuiyatsanso, mufananitse kukwera kwa mawu. Ikapanda kukoma ma level atafanana, ichotseni. Master, njira imene mawu onse amathera, isapitirire -6 isanafike pa limiter, chotchinga kuti mawu asapyole denga.

Tengani nyimbo imodzi imene ikukuvutaniyo, chotsani zonse pa master, tsitsani njira zonse, muyambe ndi kick ndi bass, oimba pambuyo. Mukadzapeza interface ya ma output 8 ndi preamp yabwino, bwerani ku Luwinga mudzabwereke bokosi langa mulimve nokha, koma mudzakumbuke kuzimitsa 48V, magetsi amene preamp imatumiza ku maikolofoni, musanalumikize.