Kwa achimwene amene ntchito ya mu ofesi yawakanika

Achimwene, mwati dokotala wakuuzani kuti muli ndi ADHD, vuto lija lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi nthawi yaitali, ntchito ya ukalaliki mwaisiya kawiri, ndiye mukufunsa kuti ingakuyenereni ndi iti. Inenso ndili m'bwato lomwelo.

Ndinkalemba malisiti pa sitolo ina pa boma. Ikamakwana 10 koloko maganizo anga amakhala atafika kale pa mlatho wa Bakili Muluzi, akuwerenga mabwato mu Shire, malisiti ndasokoneza. Si ulesi ayi. Ubongo wa ADHD umatopa msanga ndi zinthu zobwerezabwereza, koma ukapeza chinthu chokusangalatsa umakakamira pomwepo mpaka nsima kuzizira.

Pano ndimakonza injini za maboti ku Monkey Bay. Injini iliyonse imabwera ndi matenda ake. Ina kabyuleta yadzaza zinyalala, ina pulagi yapsa, mwini wake ali chilili pambali pako akufuna akagwire usipa usiku womwewo. Changu chimenecho ndicho chimandidzutsa mutu. Mnzanga wina amaperekeza alendo kukaona nsomba za mbuna ku Cape Maclear. Pakamwa pake sipatseka, ndipo alendo amamukondera chomwecho.

Funani ntchito ya manja kapena yoyendayenda, yoti zotsatira zake muzione tsiku lomwelo. Maphunziro a TEVETA a zamagetsi, kuwotcherera ndi umakaniko alipo, kafunseni.

Chondigonjetsa ine ndi ndalama basi. Ngongole za asodzi ndimaiwala, moti kope amasunga ndi mayi a kunyumba, ndipo masipeyala ndimakatenga foni ikalira alamu.