Taimingi ya Volkswagen Beetle: yambani mwadziwa distribyuta yanu

Bambo wina wa ku Zomba watilembera imelo. Ali ndi Volkswagen Beetle ya injini ya 1600, ndipo chisinthireni mapointi (tizitsulo ta m'distribyuta totseguka ndi kutsekeka kuti moto uyake pa pulagi), galimotoyo ikulilima bwino ikaima koma ikafika pachitunda imagogoda ngati muli timisomali, kenako n'kutentha. Pa pule yapansi yoyendetsa lamba wa injini pali timizere titatu. Funso lawo ndi lakuti: atchere taimingi, nthawi yomwe moto umayaka pa pulagi, pa kamzere kati?

Bambo, musanakhudze sipanala, werengani nambala yomwe yadindidwa m'mbali mwa distribyuta, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, kuti mudziwe mtundu wake. Magalimotowa ndi akale. Ngakhale ku Uitenhage ku South Africa anasiya kuwapanga mu 1979, ndiye pazaka zonsezi pule ndi distribyuta zasinthidwa kangapo ndi manja osiyanasiyana. Kamzere ka pa pule kakhoza kukhala ka injini ina. Distribyuta ya kapaipi kamodzi ka vakyumu, yokhalanso ndi zitsulo zotambasuka mkati, imatcheredwa pa madigiri 7.5 pisitoni isanafike pamwamba. Ya timapaipi tiwiri, yomwe inabwera cha mu 1971, imatcheredwa pa madigiri 5 pisitoni itadutsa kale pamwamba, injini ikulilima, timapaipi tili m'malo mwake. Pali inanso ya Bosch yomwe amakanika amangoti 009, yopanda vakyumu n'komwe. Imeneyi siitcheredwa injini ili phee ayi, imatcheredwa italira kwambiri. Mukasokoneza zitatuzi, moto udzayaka nthawi yolakwika ngakhale mutatsatira kamzere mosamala chotani.

Mapointi ndiwo oyamba. Injini ikhale yozizira, mavalavu mwawatchera pa 0.15 mm, mapulagi pa 0.6 mpaka 0.7 mm. Zunguzani pule mpaka mapointi atseguke kotheratu, muyese mpata ndi filageji ya 0.4 mm, izilowa ikukhudza pang'ono mbali zonse. Amene ali ndi mita ya dwell (yoyeza madigiri omwe mapointi amakhala otsekeka) awerenge pakati pa madigiri 44 ndi 50. Chifukwa chake n'chakuti mpata ukakula, mapointi amatseguka msanga ndipo moto umafulumira. Ukachepa, moto umachedwa. Apa ndi pamene ndikuganiza kuti vuto lanu layambira. Mapointi akale anali atadyeka, wina anapotoza distribyuta kuti abwezere mphamvu, tsono inu mwaika atsopano a mpata wokwanira pa distribyuta yopotoka kale. Moto ukuyaka pisitoni ikadali kutali, mpweya wotentha ukuikankhira pansi iyo ikukwera. Kugogoda kuja ndi kumeneko. Pakani kagirizi kochepa, ngati mutu wa machesi, pa kamu yomwe imakankha mapointi, kuti kapulasitiki kake kasadyeke msanga.

Tsopano pezani pamwamba penipeni pa silinda 1. Mukaima kumbuyo kwa galimoto, silinda 1 ili kumanja, chakutsogolo. 2 ili kumanja pafupi nanu. Moto umayenda 1-4-3-2. Chotsani chipewa cha distribyuta, zunguzani pule kumanja monga wotchi mpaka rota italoza kamzere kamene kali pamlomo wa distribyuta. Pamenepo muli pafupi. Kuti mutsimikize, chotsani pulagi ya silinda 1, mangani m'malo mwake chitsulo choimitsira pisitoni, batire mutalimasula. Zunguzani ndi manja pang'onopang'ono mpaka pisitoni itagunda, ikani chizindikiro pa pule pamene yayang'anizana ndi msoko wa pakati pa injini. Bwererani mbali inayo mpaka igundenso, ikani chachiwiri. Pakati pa ziwirizo ndiye pamwamba penipeni. Musaiwale kuchotsa chitsulocho!

Kuchokera apa ndi masamu a sitandade faifi. Yezani ndi tepi kuzungulira pule yonse, gawani ndi 360. Pa pule wamba digiri imodzi imakhala pafupifupi 1.5 mm, choncho madigiri 7.5 ali cha pa 11 mm kumanja kwa chizindikiro chanu, madigiri 30 cha pa 46 mm. Lembani onse awiri ndi penti yoyera. Mukatero, timizere titatu tija mudzadziwa nokha kuti kalikonse kakutanthauza chiyani.

Kutchera injini ili phee, komwe ndi kwa distribyuta ya kapaipi kamodzi ija, kumangofuna babu ya 12 voti yokhala ndi mawaya awiri. Ikani chizindikiro cha 7.5 pamsoko, ndipo muchifikitsepo mukuzunguza kumanja. Mukapitirira, bwererani patali n'kuyambanso, kuti magiya agwirane monga amachitira injini ikulira. Waya mmodzi wa babu upite pa koilo, pa nambala 1, pomwe pali waya wochokera ku distribyuta, winayo pa chitsulo cha injini. Masulani nati ya 10 mm ya chomangira distribyuta, tsegulani kiyi koma osaliza. Potozani distribyuta kumanja mpaka babu izime, kenako bwezerani kumanzere pang'onopang'ono, ngati mukutsegula botolo lodzaza. Babu ikangoti gwa, imani pomwepo, mangani nati. Zunguzani pule kawiri muonenso ngati ikuyakira pamalo omwewo, popeza kumanga nati kumasuntha distribyuta nthawi zina. Kiyi musaisiye yotsegula nthawi yaitali. Koilo imatentha ndipo mapointi amapsa. Amene anachotsa mapointi n'kuika kachipangizo ka magetsi asadalire njira ya babuyi, afune timing light, nyali yothwanima nthawi iliyonse moto ukayaka pa pulagi.

Komatu babu imangokuuzani za poyambira. Chimene chimapha injini yoziziritsidwa ndi mphepo ngati iyi ndi moto wofulumira kwambiri galimoto ikuthamanga, ndiye bwerekani timing light ngakhale kwa ola limodzi. Imangeni pa waya wa pulagi 1, osati 3, chifukwa pa madistribyuta ena akale silinda 3 anaichedwetsa dala pang'ono poti inkatentha kuposa zinzake. Injini itenthe, ilire pa 800 mpaka 900 pa mphindi. Zulani kapaipi ka vakyumu, mukatseke kumbali ya kabureta. Wina aponde mafuta mpaka kupitirira 3,000, inu mukuyang'ana pule, manja ndi malaya kutali ndi lamba. Zizindikiro ziziyenda mosadumpha n'kukaima pakati pa madigiri 28 ndi 32. Ine ndimalangiza 30, ndipo 32 musapitirire. Ngati yanu ndi 009, tcherani apa basi, ndipo kumene igwere ikamalilima kusakudetseni nkhawa.

Chizindikiro chikamavina uku ndi uku, shafiti ya distribyuta yatha. Igwedezeni ndi chala, mudzamva kusewera. Chikapanda kusuntha konse, zitsulo zamkati zagwira dzimbiri: potozani rota ndi dzanja, iyenera kuyenda pang'ono n'kubwerera yokha. Vakyumu muiyese poyamwa kapaipi, chitsulo chokhalapo mapointi chizisuntha ndi kukhala pomwepo mukatseka ndi lilime. Zikalephera izi, kutchera sikungathandize mpaka distribyuta itakonzedwa.

Pomaliza pitani nayo pamsewu. Injini itatentha, lowani giya 4 pa liwiro la makilomita 50 pa ola, pachitunda chochepa, pondani mafuta onse. Mukamva timisomali tija, bwezani distribyuta kumanja ndi madigiri awiri a pa pule, muyesenso. Ikapitiriza kugogoda muli kale pa 28, vuto lili kwina: onani ngati mpweya sukulowa pa malaba a manifodi, ngati jeti yaikulu ya kabureta siinatsekeke, ndiponso ngati malata onse otsekera injini ndi laba lozungulira chipinda cha injini zili m'malo mwake.