Amuna anga asiya kupita kunyanja: alodzedwa kapena akudwala?

Mayi wina wa ku Nkhotakota wandilembera pa imelo. Amuna awo ndi msodzi, ndipo chibedwere makoka awo, omwe anagula ndi ngongole ya katapila, sanakwerenso bwato. Papita miyezi itatu. Amangokhala pakhonde, nsima amangotema kawiri n'kusamba m'manja, tulo sawona, ana akamasewera pafupi amawazazira. Apongozi akuti alodzedwa, anzawo a padoko akuti ndi ulesi. Mayiwo akufunsa kuti, "Kodi ndi matenda? Nanga ndikawatengera kuchipatala, sakawatumiza ku Zomba?"

Mayi, woti atsimikize ndi dokotala akawaona maso ndi maso, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda okhumudwa. Aliyense amadandaula akataya katundu, ndipo masiku akamapita mtima umakhala pansi. Achipatala amayamba kuganizira matenda munthu akatha masabata awiri kapena kuposerapo ali wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse, zomwe ankakonda zosamukomanso, kudya ndi kugona zitasokonekera, thupi lili lofooka, akudziona ngati wopanda pake. Abambo ambiri salira ayi. Amakwiya msanga, ena amathawira ku kachasu, ena amangodandaula mutu ndi kugunda kwa mtima mpaka kumwa LA kangapo malungo palibe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, choncho amuna anu sali okha.

Chimayambitsa n'chiyani? Kawirikawiri zinthu zimaunjikana. Ena amatengera kumtundu, ndiye chikawagwera chinthu chachikulu monga maliro, kutha kwa banja kapena ngongole, matenda amadzuka. Kwa msodzi, makoka ndiye munda wake, ndiponso ulemu wake padoko ndi pakhomo. Akasiya kupita kunyanja ndalama sizilowa, katapila akukula, manyazi akuchuluka, ndiye amabisala kwambiri. Anzawo akuona ulesi, koma munthu amene ankapalasa usiku wonse kusaka usipa sayamba ulesi mwadzidzidzi. Palinso matenda a m'thupi amene amabweretsa zofananazi: shuga, kuchepa kwa magazi, HIV, ngakhale mankhwala ena monga efavirenz, amodzi mwa ma ARV. N'chifukwa chake kuyezetsa magazi n'kofunika.

Za ku Zomba musaope. Chipatala cha Zomba Mental chimagoneka amene adwalika kwambiri, koma ambiri odwala matenda okhumudwa amathandizidwa akugona kwawo. Yambirani pa chipatala cha boma cha Nkhotakota, mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo, ndipo mukalowe nawo limodzi, chifukwa abambo akafunsidwa amangoti "ndili bwino". Kulinso zipatala za matenda a maganizo za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Thandizo lina ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, amene amathandiza munthu kugawa mavuto ake n'kuyamba ndi limodzi lomwe angalithe. Njira ya Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe pogwiritsa ntchito agogo aakazi okhala pa benchi kunja kwa chipatala, imayenda motero, ndipo inafikanso m'zipatala zina kuno kwathu. Matenda akakula amapereka mankhwala, kawirikawiri amitriptyline kapena fluoxetine. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa: mankhwalawa sagwira ngati panado. Pamatenga masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi kuti munthu amve kusintha, ndipo akapeza bwino amapitirizabe kumwa kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Amitriptyline amaumitsa kukamwa n'kuwodzeretsa masiku oyamba, koma si chifukwa chowatayira. Muziwasunga inuyo n'kumawapatsa mlingo wa tsikulo, chifukwa kumwa ambiri nthawi imodzi n'koopsa.

Apongozi musakangane nawo, mungangowonjezera moto pakhomo. Akafuna mapemphero, abusa kapena ashehe abwere ndithu, koma ndalama yoti ikathere kwa sing'anga ikanakwana thiransipoti ya kuchipatala. Pemphani malume a amuna anu kapena mnzawo wapamtima kuti aziwatenga m'mawa kukakhala padoko, ngakhale kungosoka nawo ukonde wa eni.

Chinthu chimodzi musachizengereze. Usiku uno ana akagona, afunseni mosapsatira: "Bambo, kodi mumaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, kapena akamanena kuti "bola ndingofa", chotsani m'nyumba tameki, mankhwala othira mu chimanga ndi zingwe za makoka, musawasiye okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale litakhala Lamulungu.