Kompyuta ikuyankhuleni bwanji pa terminal?

Funso: Ndimagwiritsa ntchito Bash, pulogalamu yolandira malamulo amene timalemba pa terminal, pa Linux, ndipo ndikufuna kuti mawu amene amaoneka kumayambiriro kwa mzere wolembapo malamulo, komanso mutu wa windo, akhale a Chichewa. Kodi ndilembe "Lemba lamulo" kapena "Lembani lamulo"? Nanga bwanji nditalemba "uli m'foda" zonse zinasokonekera?

Yankho: Lembani "Lembani". "Lemba" timauza mwana kapena mnzathu amene tinazolowerana naye, ndipo makinawo sakudziwa amene wakhala pampandopo. Chimodzimodzinso "uli" akhale "muli".

Koma ine ndikuona kuti mneni safunika n'komwe pamenepo. Mzerewo umaoneka kambirimbiri tsiku limodzi, choncho ungonena amene walowa, makina ake ndi malo amene ali. Pa ntchito imeneyi tili ndi "pa" ndi "mu". Timati pa kompyuta, chifukwa munthu amakhala pamenepo n'kumagwira ntchito, koma timati mu foda, chifukwa mafayilo amakhala mkati mwake. Mu fayilo ya .bashrc, imene Bash imawerenga mukatsegula terminal, lembani chonchi:

PS1='\u pa \h mu \w\$ '

PS1 ndi mmene Bash imasungamo mawu a kumayambiriro kwa mzere aja. \u ndi dzina lanu, \h ndi dzina la makina, \w ndi foda imene mulimo. \$ imaonetsa $ kwa munthu wamba, koma # kwa root, amene ali ndi ulamuliro wonse pa makinawo.

Tsono za "m'foda" zija. Kalembedwe kanu kanali kolondola, vuto ndi kachizindikiro kamene timaika pa m' ndi ng'. Kwa Bash kameneka kamatsegula ndi kutseka mawu, ndiye ikafika pa m' imaganiza kuti mwamaliza, n'kumadikira kuti mutseke china chimene chatsala chotsegula. Mawu ngati "pang'ono" angachitenso zomwezo. Musachotse kachizindikiroko n'kulemba "mfoda" kapena "pangono", kumeneko n'kuwononga chiyankhulo pofuna kusangalatsa makina. Lembani "mu" yathunthu. Kutsogolo kwa dzina lachilendo ngati Documents imawerengekanso bwino kuposa m'.

Pa mutu wa windo m'pamene mungaike chiganizo chathunthu, chifukwa malo alipo:

PS1='\[\e]0;Muli mu \w\a\]\u pa \h\$ '

Zimene zili pakati pa \e]0; ndi \a zimapita pamwamba pa windo. Musaiwale \[ ndi \], chifukwa ndi zimene zimauza Bash kuti isawerengere zilembo zosaonekazo. Mukazisiya, malamulo ataliatali amayamba kulembeka pamwamba pa anzawo mumzere umodzi.