Nthawi ikumandithera ndisanamalize chimangirizo, nditani?

Wophunzira wina wa Fomu 4 ku Namwera watilembera pa imelo. Akuti mfundo amakhala nazo, koma pa mayeso oyeserera nthawi inamuthera ali pakati pa chimangirizo, ndipo mayeso a MSCE ayandikira.

Mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Kawirikawiri vuto silikhala dzanja lochedwa ayi. Ambiri amayamba kulemba asanadziwe komwe akulowera, ndiye amaima pakati pa ndime, kuluma cholembera, kufufuta, kuyambiranso. Mphindi zimathera pamenepo.

Tiyerekeze kuti mwadzipatsa mphindi 45. Zisanu zoyamba musalembe chiganizo ngakhale chimodzi. Werengani funso kawiri, mudule mzere kunsi kwa mawu olamula: kodi akufuna kalata, lipoti, nkhani yopeka kapena mtsutso? Mukasokoneza mtundu, malikisi amapita ngakhale chilankhulo chanu chili chokoma. Kenako lembani mfundo zitatu kapena zinayi, mawu awiriawiri basi. Mutu ukakhala wa kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe, mungalembe: maukonde a masikito, kuwedza nthawi yoswana, kuchuluka kwa asodzi, zoyenera kuchita. Mfundo iliyonse ndi ndime imodzi. Chiganizo choyamba chitchule mfundoyo, ziwiri kapena zitatu zotsatira zifotokoze, chimodzi chipereke chitsanzo chooneka ndi maso, monga tiana ta nsomba toyanikidwa pathandala.

Chiyambi chisapitirire ziganizo zitatu. Apa ndi pomwe ana ambiri anzeru amadziwonongera, kufuna kukometsa.

Chinanso, dziwani liwiro lanu. Werengani mawu a m'mizere isanu ya zolemba zanu, mugawe ndi 5. Mukapeza mawu 9 pa mzere, ndiye kuti mawu 400 ndi mizere pafupifupi 45. Mukadziwa zimenezi simudzatayanso nthawi kuwerenga liwu limodzilimodzi m'chipinda cha mayeso. Chiwerengero cha mawu ofunika chimalembedwa m'malangizo a pepala, chitsatireni.

Yesererani kawiri pa sabata ndi mafunso akale a MANEB, wotchi ili patebulo, foni ili kutali. Nthawi ikakwana ikani cholembera pansi ngakhale chiganizo chisanathe, kuti muone pomwe mwalekezera. Nthawi zina lembani masana, thukuta la kuno ku Mangochi likutsika, chifukwa mayeso sasankha kamphepo. Aphunzitsi akakuchongerani, lembani zolakwa zanu zitatu zobwerezabwereza kuchikuto cha kope. Pa Chingerezi zimakonda kukhala kusakaniza nthawi yakale ndi yatsopano m'ndime imodzi, pa Chichewa kuphatikiza mawu oyenera kulekanitsa. Mphindi zisanu zomaliza muzisaka zomwezo.

Chimangirizo choloweza pamtima chisiyeni, chonde. Ochonga amachizindikira chifukwa sichiyankha funso lomwe lafunsidwa.

Tsiku la mayeso, akalengeza kuti kwatsala mphindi 10 inu muli pa mfundo yachitatu, yachinayi isiyeni. Tsekani ndime yomwe muli nayo, lembani mathero a ziganizo ziwiri, kenako bwererani pamwamba kukakonza zolakwa zija.