Kodi mpingo timadzala, timawoka kapena timamanga?

Sabata ino mafunso ambiri akukhudza Chichewa cha kutchalitchi, ndiye ndasankhapo atatu.

Loyamba lachokera kwa mlaliki wina wachinyamata. Akuti: "Aphunzitsi, abusa athu amakonda kunena kuti tikupita kukadzala mpingo kudera lakutilakuti, ine zimandimvekera ngati Chingerezi chongotembenuza. Kodi n'zolondola?"

Achimwene, khutu lanu lagwira kanthu ndithu, mawuwa amamveka kwambiri pakamwa pa anthu amene adutsa m'maseminale ndi m'masukulu a Baibulo. Koma musawakane msanga. Pa 1 Akorinto 3:6 Paulo mwiniwake akuyankhula za kubzala, za Apolo amene anathirira, ndi za Mulungu amene anakulitsa, ndiye fanizoli ndi lakale kuposa Chingerezi. Kudzala ndi kubzala onse ndi mawu abwino, zimangotengera komwe munthu anakulira. Kungoti ine ndikaona mmene ntchitoyi imayendera, mawu amene amandikhalira bwino ndi kuwoka. Mbewu timadzala, koma mbande timazula ku nazale n'kukawoka kwina, ndipo masiku oyambirira zimafota kaye, zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo mpaka zitagwira. Mipingo yambiri yatsopano imayamba chonchi, mabanja ochepa achoka pa mpingo waukulu, akayamba kukumana pakhonde la wina kapena m'kalasi yobwereka, opanda benchi opanda maikolofoni, ndipo ngati mpingo umene unawatuma uwaiwala amafota ndithu. Onani pa Machitidwe 13, Barnaba ndi Saulo sanangodzukira ulendo, mpingo wa ku Antiokeya unasala kudya, unawapempherera n'kuwatumiza. Mukamalemba lipoti kapena kalata lembani kuyambitsa mpingo kapena kukhazikitsa mpingo, aliyense amva. Paguwa gwiritsani ntchito kudzala kapena kuwoka momasuka.

Lachiwiri ndi la mayi ena amene ndi mlembi wa komiti ya zomangamanga. "Ndinalemba kuti tikusonkha ndalama zoti timangire mpingo, mkulu wa mpingo wina anandiuza kuti ndalakwitsa."

Mayi, mkuluyo akunena zoona. Mpingo ndi anthu, tchalitchi ndi nyumba, njerwa ndi malata zimamanga tchalitchi. Inde tsiku ndi tsiku timasakaniza, wina amafunsa kuti mumapemphera tchalitchi chanji pomwe akutanthauza mpingo, izi sizivuta pocheza. Koma m'kalata siyanitsani. Kumanga mpingo kulipo, koma kumatanthauza kulimbikitsa anthu, kuyendera odwala, kuyanjanitsa amene anayambana, kuphunzitsa ana. Akhristu oyamba aja analibe nyumba zapadera, pa Aroma 16:5 Paulo akupereka moni kwa mpingo wa m'nyumba ya Priskila ndi Akwila. N'chimodzimodzi ndi magulu ang'onoang'ono a Akhristu opemphera pamodzi m'madera mwawo, monga miphakati ya Akatolika imene inalimbikitsidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1970 nthawi ya Bishopu Patrick Kalilombe ku dayosizi ya Lilongwe, kapena milaga ya a CCAP, mpingo uli pomwepo ngakhale denga palibe. Mawu akuti kachisi ndi ena, makolo ankatchula malo operekera nsembe, ndipo omasulira Baibulo anawatenga potchula Kachisi wa ku Yerusalemu.

Lachitatu ndi limene landigwira mtima. Mtsikana wina akufunsa: "Ine ndimati chisomo, mnzanga wa Katolika amati chaulere, wolondola ndani? Komanso masiku ano aliyense akangopeza kanthu akuti n'chisomo, kodi mawuwa sanasukuluke?"

Chemwali, nonse mukulondola, kusiyanaku kunabwera ndi omasulira. Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922, ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linazika mawu akuti chisomo m'makutu a Apulotesitanti. Akatolika anali ndi mapemphero awo ndi Baibulo lawo la Malembo Oyera, ndipo mpaka lero popemphera amati Maria ndi wa chaulere chodzaza. Buku Loyera la 1998 ndiye linamasuliridwa ndi mbali zonse ziwiri pamodzi. Mawu awiriwa akugwira mbali ziwiri za chinthu chimodzi. Chisomo pa Chichewa chathu ndi chija chimachititsa kuti munthu akondedwe, timati mwana uyu ndi wachisomo, aliyense amafuna kumunyamula. Chaulere chikutsindika kuti sunalipire kanthu. Aefeso 2:8-9 akufuna zonse ziwiri, Mulungu wakukomera mtima ndipo si chifukwa cha ntchito zako.

Tsopano za kusukuluka zija. Ine sindidandaula kuti mawuwa atuluka m'tchalitchi n'kulowa mu minibasi, mumsika ndi pa WhatsApp, munthu ukamufunsa kuti mwadzuka bwanji iye n'kuti tadzuka mwachisomo, kapena tionana mawa Mulungu akalola, apo Uthenga Wabwino wafika pa lilime la tsiku ndi tsiku ndipo n'zosangalatsa. Chimene chimandipweteka ndi pamene munthu wapeza ntchito popereka chiphuphu, kapena wabera mayeso, kenako n'kuima kutsogolo kuchitira umboni kuti chinali chisomo. Pamenepo mawu akugwiritsidwa ntchito yobisa tchimo, ndipo ana amene akumvetsera akuphunzira tanthauzo lolakwika, adzakula akuganiza kuti chisomo ndi mwayi wopeza zinthu mwachidule. Mwayi tili nawo kale mawu ake, ndi mwayi basi. Ngati mwawina mpikisano nenani kuti ndachita mwayi, ngati mwalimbikira sukulu n'kukhoza thokozani Mulungu ndipo musachite manyazi kunena kuti ndinawerenga. Mnzanu wa Katolika uja mukakumana naye mufunseni mmene amamvera mawu akuti chaulere akamapemphera, inunso mumuuze za chisomo.

Funso la kusiyana kwa mbusa, abusa ndi ansembe ndaliona, tidzaliyankha sabata ya mawa.